Mabanja ochepa, dziko lonse: mmene aristocracy inkayendera ku Britain ndi chimene chidaiphwasula

Funso

Mphunzitsi wina wa mbiri yakale pa sukulu ya sekondale walemba kuti: "Ana anga amandifunsa tanthauzo la aristocracy tikafika pa nkhani za ku Ulaya. Ndimangowauza kuti ndi ulamuliro wa anthu olemera, koma mtima sukhala pansi. Nanga ikusiyana pati ndi ufumu wa kwathu kuno, poti mafumu nawonso amachita kubadwa nawo?"

Yankho

Aphunzitsi, mtima wanu sukunama, yankho limenelo ndi loperewera. Munthu atha kulemera lero ndi fodya kapena mathiraki, mawa n'kusauka, ana ake n'kubwerera ku khasu. Aristocracy ndi pamene mabanja owerengeka, odziwika ndi maina awo, agwira nthaka, mipando ya boma ndi makhoti, ndipo lamulo la dziko likuvomereza kuti zonsezi zizipita kwa ana awo chifukwa cha kubadwa basi. Chachikulu ndi lamulolo. Ngati palibe lamulo lowasiyanitsa ndi anthu wamba, amenewo ndi anthu a ndalama chabe.

Dzinali lidachokera kwa Agiriki, ndipo kwa iwo linkanena za ulamuliro wa anthu abwino koposa. Aristotle, amene adakhala ndi moyo kuyambira 384 mpaka 322 Yesu asanabadwe, ankayang'ana zinthu ziwiri pa boma lililonse: olamulira ndi angati, ndipo akulamulira kuti apindule ndani. Akakhala ochepa koma akutumikira mzinda wonse ankati ndi aristocracy. Ochepa omwewo akayamba kudzikundikira ankati ndi oligarchy. Pa bolodi malire amenewa amaoneka bwino, koma kunjaku gulu lililonse lolamulira linkadzitcha dzina loyambalo, adani ake n'kumalitcha lachiwirilo, ndipo sipadatenge nthawi kuti "abwino koposa" asanduke "obadwira m'nyumba zabwino". Zimenezi auzeni ana mwachidule, kenaka muwatengere ku dziko lenileni, chifukwa nkhaniyi imamveka munthu akaona mmene zinthu zinkachitikira. Dziko loonetsa bwino ndi Britain, kuyambira cha m'ma 1700 mpaka 1911.

Poyambira ndi nthaka. Boma litachita kalembera wa eni malo m'zaka za m'ma 1870, zidapezeka kuti anthu pafupifupi 7,000 ndiwo adali ndi magawo anayi mwa asanu a dziko lonselo. Bwana mmodzi yekha, Duke wa ku Sutherland, adali ndi maekala opitirira 1.3 miliyoni, dera lalikulu kuposa boma lonse la Dedza. Eni malowa sankalima okha. Ankabwereketsa minda kwa alimi akuluakulu, alimiwo n'kumalemba aganyu, ndipo lendi inkaperekedwa kawiri pachaka kwa woyang'anira esiteti, kawirikawiri pa 25 Malichi ndi pa 29 Sepitembala. Ndalama imeneyi ndiyo inkapatsa bwana mpata wokhala ku London miyezi ingapo pachaka akuchita ndale, pakuti mpaka 1911 aphungu sankalandira malipiro, ndipo wosauka sakadakwanitsa uphungu ngakhale atasankhidwa. Gawo lina la malowa lidabwera kudzera m'Nyumba ya Malamulo momwemo. Pakati pa 1604 ndi 1914 idavomereza malamulo opitirira 5,200 otchinga mipanda pa minda ndi mabusa amene anthu a m'midzi ankagwiritsa ntchito limodzi, maekala pafupifupi 6.8 miliyoni. Opempha malamulowo ndi owavomereza nthawi zambiri adali anthu a gulu limodzi.

Kupeza malo kudali kosavuta poyerekeza ndi kuwasunga osagawika kwa zaka 200. Tawerengerani ndi ana anu pa bolodi: bambo wa maekala 10,000 akagawira ana asanu mofanana, anawo n'kugawiranso awo asanuasanu, chidzukulu chilichonse chidzatsala ndi maekala 400, ndipo banjalo latha mphamvu m'mibadwo iwiri yokha. Angelezi adatseka mpata umenewu ndi njira ziwiri.

Yoyamba ndi yodziwika. Mwana wamwamuna woyamba kubadwa ankatenga zonse, dzina laulemu, nyumba yaikulu ndi minda. Maina aulemuwo alipo asanu, kuchokera pamwamba: duke, marquess, earl, viscount ndi baron, ndipo onse pamodzi ndiwo ma lord. Azing'ono ake pamaso pa lamulo adali anthu wamba. Winston Churchill adabadwira m'chinyumba cha Blenheim mu 1874, agogo ake adali Duke wa ku Marlborough, koma poti bambo ake sadali oyamba kubadwa, iye adakula ali Bambo Churchill chabe, ndipo mpando wa ku Nyumba ya Malamulo adachita kukaupempha kwa ovota. Ana aakazi kawirikawiri sankalowa dzina. Lord akamwalira wopanda mwana wamwamuna, dzina ndi nyumba zinkatha kupita kwa wachibale wakutali amene mwina sadapondepo pakhomopo, mayi wamasiye ndi ana ake aakazi n'kulongedza.

Njira yachiwiri idali ya maloya, ndipo ndiyo anthu ambiri saidziwa. Mwana woyamba uja akakwanitsa zaka 21 kapena akamakwatira, ankasainirana chikalata ndi bambo ake. Ankavomera kuti malowo akadzafika m'manja mwake adzangodya zotuluka m'menemo moyo wake wonse koma sadzagulitsa, ndipo mwini weniweni adzakhala mwana wake woyamba, amene nthawi imeneyo adali asadabadwe n'komwe. Akasaina, bambo ankamudulira ndalama ya chaka ndi chaka yoyambira banja, ndipo mnyamata wofuna kukwatira sankakana. M'chikalata chomwecho ankalembamo ndalama imene mkazi wake adzalandire akadzakhala wamasiye, ndi gawo la ana aakazi ndi aamuna aang'ono, zonse zochokera pa lendi. Chidzukulu chija chikakula, ankabwerezanso mwambo womwewo. Motero pa m'badwo uliwonse wokhala pampando adalibe mphamvu yogulitsa nthaka, kaya ndi chidakwa kaya ndi wa juga.

Chofooka chake chidali ngongole. Munthu woletsedwa kugulitsa amakongola. M'badwo uliwonse unkawonjezera katundu pa lendi yomweyo: apa agogo aakazi amasiye amene akukhalitsa, apa alongo atatu ofuna chuma cholowera nacho m'banja, apa phiko latsopano la nyumba lomangidwa kuti anansi aone. Duke wachiwiri wa ku Buckingham adagwa mu 1847 ndi ngongole zopitirira mapaundi 1 miliyoni, ndipo chaka chotsatira katundu wa m'nyumba yake ya Stowe, zithunzi, mipando ndi mbale zasiliva, adagulitsidwa pa okushoni kwa masabata angapo anthu akubwera kudzaonerera. Mu 1882 Nyumba ya Malamulo idalola kuti wokhala pampando azitha kugulitsa nthaka, chizindikiro chakuti chikalata chija chidali chitayamba kutsamwitsa eni ake.

Nanga ana aang'ono aja ankapita kuti? Apa ndi pamene chuma cha banja chinkasanduka ulamuliro wa dziko. Mpaka 1871 udindo wa usilikali unkagulidwa. Pa mitengo ya boma ya asilikali oyenda pansi, udindo woyambira udali mapaundi 450, ukaputeni 1,800, ndipo wa mtsogoleri wa gulu lonse 4,500, pamene waganyu wa kumunda ankapeza mapaundi 25 kapena 30 pachaka. M'magulu otchuka anthu ankawonjezera zambiri kuseri. Cholinga sichidali chobisika: asilikali azitsogozedwa ndi anthu amene ali ndi chotaya boma likagwa. Zotsatira zake zidaonekera ku Balaclava mu 1854, pamene Lord Cardigan, amene adachita kugula utsogoleri wa gulu lake, adathamangitsa asilikali apakavalo opitirira 600 molunjika ku mizinga ya Russia, lamulo litamveka molakwika. Mkulu wake pa ntchito, Lord Lucan, adali mlamu wake, koma awiriwa sankamwerana madzi. Mwana wina ankalowa unsembe wa mpingo wa Anglican, pakuti m'maparishi ambiri mwini malo ndiye adali ndi ufulu wosankha wansembe, ndipo udindowo unkabwera ndi nyumba ndi chakhumi. Ena ankapita ku uloya, ku sitima zankhondo, kapena kukalamulira maiko a atsamunda.

Ku Nyumba ya Malamulo ankagwira mbali zonse ziwiri. Nyumba ya ma lord idali yawo mwachibadwa, ndipo lamulo silikadadutsa iwo osavomera. Nyumba ya aphungu osankhidwa ankailamulira mwa njira zina. Kuyambira 1711 mpaka 1858 lamulo linkati phungu wa chigawo cha kumidzi akhale ndi malo obweretsa mapaundi 600 pachaka, wa m'tauni 300. Madera ena ovotera adali m'thumba la banja limodzi. Old Sarum chidali chitunda chopanda anthu okhalapo, koma chinkatumiza aphungu awiri, pamene Manchester ndi Birmingham, mizinda yodzaza mafakitale, idalibe aphungu akeake mpaka 1832. Wogula chitundacho ankagula ndi mipando yomwe. Komanso mpaka 1872 kuvota kudali kwa pakamwa, pagulu, ndipo zimene munthu wanena zinkalembedwa m'buku loti aliyense atha kuwerenga. Mlimi wobwereka munda ankatchula dzina la phungu akudziwa kuti woyang'anira esiteti waima pomwepo.

Kumidzi ndiye kudali koonekeratu. Milandu ing'onoing'ono, misewu, ndende ndi ziphaso za malo omwera mowa zidali m'manja mwa majaji osalipidwa, otengedwa pakati pa eni malo omwewo, ndipo zambiri zoyendetsa dera zidachoka m'manja mwawo lamulo la 1888 litakhazikitsa makhonsolo osankhidwa ndi anthu. Lamulo la 1671 lidaletsa munthu wopanda malo obweretsa mapaundi 100 pachaka kupha kalulu kapena nkhwali, ngakhale m'munda umene iye mwini akulima, ndipo wogwidwa ankakaima pamaso pa jaji amene mwina ndiye mwini nkhwalizo. Lord akapalamula mlandu waukulu sankaweruzidwa ndi anthu wamba koma ndi ma lord anzake. Mlandu womaliza wotere udachitika mu 1935, ndipo ufuluwo udathetsedwa mu 1948.

Pali chinthu chimodzi chimene Angelezi adachita mochenjera kuposa anzawo: khomo sadalitseke lonse. Wa banki kapena wofulula mowa akalemera ankagula esiteti, n'kutumiza mwana ku sukulu ya Eton ndi ku yunivesite ya Oxford, n'kukwatitsa mwana wamkazi ku banja la dzina koma la ngongole, ndipo pofika m'badwo wachiwiri kapena wachitatu banjalo linkalandira dzina laulemu. Nathan Rothschild adakhala lord mu 1885, ndipo a banja la Guinness nawo adalowa m'zaka zomwezo. Mu 1895 Duke wachisanu ndi chinayi wa ku Marlborough adakwatira Consuelo Vanderbilt wa ku America, ndalama za njanji n'kukonzera denga la Blenheim. Munthu amene akadatsogolera otsutsa ankapezeka ali pamzere wodikira kulowa. Nthawi zina khomolo linkasanduka sitolo: maina aulemu adagulitsidwa poyera kwambiri mu ulamuliro wa David Lloyd George moti mu 1925 padakhazikitsidwa lamulo loletsa malonda amenewa.

Kuti ana aone kufunika kwa zimenezi, ayerekezeni ndi France. Kumeneko mwana aliyense wa banja lapamwamba ankabadwa wapamwamba, choncho padali ambiri a dzina lalikulu koma thumba lobooka, ndipo lamulo linkawalanda ulemuwo akayamba kugulitsa m'sitolo kapena kugwira ntchito yamanja. Chimene adatsala nacho ndi mwayi wawo wa pa lamulo, n'chifukwa chake ankaukakamira. Sankapereka taille, msonkho waukulu umene unkagwera alimi, ndipo misonkho ina yatsopano ankaipereka mochita kunenerera. Mu 1781 adatsekanso khomo la usilikali: wofuna kuyamba ngati ofisala asonyeze kuti makolo ake adali apamwamba mibadwo inayi. Boma litamira m'ngongole, zina mwa izo za nkhondo yothandiza America, nduna ya zachuma Calonne idaitanitsa akuluakulu mu 1787 kuwapempha msonkho wa nthaka wogwera aliyense. Adakana. Mfumu Louis XVI idakakamizika kuitanitsa msonkhano wa magulu atatu a dziko, ansembe, apamwamba ndi anthu wamba, mu 1789, woyamba chichitikireni wa 1614, ndipo mkangano woyamba udali wakuti kodi azivota gulu ndi gulu, zimene zikadapatsa ansembe ndi apamwamba mavoti awiri kwa limodzi, kapena munthu ndi munthu. Usiku wa pa 4 Ogasiti 1789 mwayi wonse uja udafafanizidwa, ndipo pa 19 Juni 1790 maina aulemu obadwa nawo adathetsedwa.

Poland idadwala matenda ena. Kumeneko apamwamba, otchedwa szlachta, adali ambiri, mwina munthu mmodzi mwa 10 kapena 12 alionse, ena olima okha ngati anansi awo. Kuyambira 1573 ankasankha okha mfumu, ndipo aliyense wofuna mpandowo ankawalonjeza ufulu wowonjezera. Kuyambira 1652 phungu mmodzi yekha akaimirira n'kukana, msonkhano wonse wa Nyumba ya Malamulo unkatha ndipo zonse zimene adagwirizana zinkagwa. Maiko oyandikana nawo adaona kuti kugula phungu mmodzi n'kotchipa kusiyana ndi kutumiza asilikali. Malamulo atsopano a pa 3 Meyi 1791 adathetsa mwambowu, koma madzi adali atafika kale m'khosi. Russia, Prussia ndi Austria adagawana dzikolo mu 1772, 1793 ndi 1795 mpaka lidafafanizika pa mapu.

Tisawanamizire kuti palibe chabwino chidachokera kwa iwo. Anthu a nthaka yawoyawo sankaopa mfumu ngati mmene wantchito wa boma amaopera womulemba, ndipo ndi ma baron amene adakakamiza Mfumu John kuvomera Magna Carta, chikalata chochepetsa mphamvu za mfumu, mu 1215, ngakhale kuti ankateteza makamaka zawo zomwe. Munthu woganizira zidzukulu amadzala mitengo yodzakula iye atapita ndipo amakumba ngalande. Ngalande yodutsa mabwato ya Duke wa ku Bridgewater ya mu 1761 idatsitsa kwambiri mtengo wa malasha ku Manchester. Koma zolakwika zake sizidali zangozi, zidali m'kapangidwe kake. Kubadwa woyamba sikupatsa munthu nzeru, ndipo padalibe njira yochotsera wopusa pampando. Choipa koposa, opanga lamulo ndiwo ankapindula nalo. Lamulo la 1815 loletsa tirigu wotchipa wa kunja lidakweza mtengo wa buledi kwa ogwira ntchito m'mafakitale kuti lendi ya minda isatsike. Ku Sutherland anthu zikwizikwi adasamutsidwa m'midzi ya makolo awo m'zaka za m'ma 1810 kuti malowo adyetsereko nkhosa, ndipo pa lamulo palibe chidalakwika.

Ku Britain kulibe tsiku limodzi loti n'kuloza kuti apa ndiye zidathera. Lamulo la 1832 lidachotsa aphungu m'madera 56 a mtundu wa Old Sarum. Mu 1846 nduna yaikulu Robert Peel adathetsa lamulo la tirigu lija, chipani chake n'kugawanika, koma ululu wake udamveka patapita zaka 30, njanji za ku America ndi sitima za nthunzi zitayamba kukhuthula tirigu wotchipa m'madoko, ndipo kuyambira 1882 nyama yoziziritsa ya ku New Zealand. Pofika 1894 mtengo wa tirigu udali wosafika theka la wa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1870. Alimi adapempha kuti lendi itsike, ena n'kungosiya minda. Koma ndalama ya agogo amasiye, gawo la alongo ndi chiwongoladzanja cha ngongole sizidatsike, chifukwa zidalembedwa m'chikalata ngati ziwerengero zosasintha. Bwana amene lendi yake yatsika ndi gawo limodzi mwa atatu ankatha kupeza kuti zotsala m'thumba mwake zatsika ndi theka kapena kuposa. Mu 1884 aganyu ambiri a kumunda adapatsidwa voti, tsopano yachinsinsi. Mu 1894 kudabwera msonkho wa chuma cha masiye, woyambira pa 8 peresenti kwa olemera kwambiri, umene pofika 1949 udafika 80 peresenti. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse mabanja ena adaulipira kawiri m'zaka zochepa, bambo atamwalira kunyumba ndipo wolowa m'malo n'kufera ku France. Duke wa ku Devonshire atamwalira mu 1950, banja lake lidapereka nyumba ya Hardwick Hall, nthaka ndi zithunzi zamtengo wapatali kuti lipulumutse nyumba yawo yaikulu ya Chatsworth.

Mkangano woonekera udabwera mu 1909. Lloyd George, ali nduna ya zachuma, adabweretsa bajeti yokhala ndi misonkho ya nthaka, ndipo ma lord adaikana ndi mavoti 350 kwa 75, kuphwanya mwambo wakale wakuti za ndalama sazikhudza. Mu 1910 kudachitika zisankho ziwiri. Mfumu George V nayo idavomera kuti, zikavuta, ipanga ma lord atsopano ambirimbiri a mbali ya boma kuti akalewo achepe mphamvu. Poopa kusungunuka, adagonja mu Ogasiti 1911 ndi mavoti 131 kwa 114. Kuchokera pamenepo bilu ya ndalama sangaigwire kupitirira mwezi umodzi, ndipo bilu zina ankangozichedwetsa zaka ziwiri, zimene mu 1949 zidatsitsidwa kufika chaka chimodzi. Lord Salisbury, amene adatula pansi udindo mu 1902, ndiye adali womaliza kutsogolera boma nthawi yake yonse ali m'nyumba ya ma lord.

Zotsala zake n'zoseketsa pang'ono. Mu 1958 adayamba kupanga ma lord a moyo umodzi, oti dzina silipita kwa ana. Mu 1999 obadwa nawo opitirira 600 adachotsedwa m'nyumbamo, n'kutsala 92, ndipo mmodzi akamwalira anzake ankavotera wolowa m'malo. Pa chisankho china chotere mu 2016 opikisana adalipo asanu ndi awiri, ovota atatu. Mu 2024 boma la Labour lidabweretsa bilu yochotsa otsalawo. Chuma chokha sichidathe kwa onse: banja la Grosvenor, la Duke wa ku Westminster, lidakali ndi gawo lalikulu la Mayfair ndi Belgravia mumzinda wa London, losungidwa ndi matrasti amene ntchito yawo ndi yomwe ija ya chikalata chakale. Koma duke wa lero sasankhira anthu phungu, saweruza mlandu wa nkhwali, ndipo akapalamula amakaima m'khoti la aliyense. Pamenepo pali maina ndi ndalama, ulamuliro palibe.

Tsopano za mafumu athu. Kufanana kulipo pa chinthu chimodzi, chakuti mpando umayenda m'magazi. Kupitirira apo njira zimapatukana. Pakati pa Achewa ufumu umayenda kuchikazi, wolowa amakhala mphwake wa mfumu, mwana wa mlongo wake, ndipo si kuti woyamba kubadwa amangodzikhalira pampando ayi. Mbumba imakhala pansi, ntchembere n'kunena mawu awo, ndipo woledzera kapena wamwano atha kudumphidwa. Angelezi adalibe mwayi wotero. Kwa Angoni ufumu umatsata kuchimuna, komabe akuluakulu amakhalapo pa nkhaniyo. Chachiwiri ndi nthaka. Mfumu imagawa malo ndi kuweruza za malire, koma mwambo suipatsa mphamvu yotolera lendi kwa anthu ake chaka ndi chaka kapena kuwasamutsa kuti iwetepo ziweto. Zimene timamva za mafumu ogulitsa malo ndi kuphwanya mwambo, si mwambowo. Chachitatu, abale a mfumu sali gulu lapadera pamaso pa lamulo la dziko: alibe khoti lawolawo, alibe maudindo a usilikali osungidwira iwo, ndipo m'bale wa mfumu amalima ndi kupanga mzere wa feteleza ngati wina aliyense.

Mukafuna chofananako m'mbiri yathu, pitani ku Maravi. Kumeneko a mtundu wa Phiri ndiwo ankagwira mipando ya ulamuliro: Kalonga, Undi, Lundu ndi Kaphwiti onse adali Aphiri, ndipo madera atsopano ankaperekedwa kwa achibale. A Banda adali ndi mbali yawo pa za nthaka ndi kupempha mvula, ndipo Mwali, mkazi wamkulu wa Kalonga, ankachokera kwa iwo. Chuma cha ulamulirowo sichidali lendi koma mitulo, monga nyanga ya njovu imene yagwera pansi, ndi kugwira njira za malonda. Nawonso adafooka pamene mafumu aang'ono adayamba kugulitsa okha minyanga kwa amalonda osadzera kwa mkulu wawo.

Lero mafumu a ku Malawi amayendera lamulo la 1967, amavomerezedwa ndi mtsogoleri wa dziko ndipo amalandira mswahala kuchokera ku boma, koma sapanga malamulo. Zidatsala pang'ono kusintha. Malamulo aakulu a dziko a 1994 adakonza nyumba yachiwiri, Senate, ya anthu 80, ndipo 24 mwa iwo adayenera kukhala mafumu, mmodzi pa boma lililonse, osankhidwa ndi mafumu anzawo. Nyumbayo sidakhalepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo idachotsedwa m'malamulo mu 2001. Ana akafunsa za mabanja andale amene bambo, mayi ndi mwana amasinthana uphungu wa dera limodzi, auzeni kuti aliyense wa iwo amayenera kudutsa pa chisankho ndipo atha kugwa, choncho dzina la aristocracy silikuwayenera, ngakhale kuti Aristotle akadawayang'anitsitsa ndi dzina lake lachiwiri lija.

Kumene kubadwa kumapatsabe munthu mpando wopanga malamulo kulipo. Ku Lesotho mipando 22 mwa 33 ya Senate ndi ya mafumu aakulu obadwa nawo, ndipo 11 yotsalayo ndi ya osankhidwa ndi mfumu ya dziko potsata malangizo a khonsolo yolangiza mfumuyo. Ku Tonga, pa zilumba za m'nyanja ya Pacific, kuli maina aulemu 33 obadwa nawo, ndipo eni mainawo amasankha okha aphungu 9 oti akakhale m'Nyumba ya Malamulo pamodzi ndi 17 osankhidwa ndi anthu wamba.